KUPETA NTHANO ZA KU JAPAN: ZA ENI AKE N'ZITI, ZA TONSE N'ZITI?

(Mau amene anayankhula mmodzi wa ophunzira akale, mphunzitsi wopuma pa ntchito, pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe anawaperekera kwa Mkonzi.)

 Ndithokoze komiti chifukwa chondipatsa mpata uno. A Mlembi anandilembera kuti ndiyankhule kwa mphindi 20, ndipo kunsi kwa nambalayo anadula mzere kawiri. Ndiyesetsa kumvera, pakuti belu la pano tonse tikulidziwa.

Mutu wanga ndi nthano za ku Japan ndi kakambidwe kake. Chifukwa chake nachi. M'nyumba zathu zambiri, ana ndi adzukulu amatha maola maso ali pa foni kapena pa wailesi ya kanema kuonera makatuni a ku Japan otchedwa anime, ndi kuwerenga nkhani za zithunzi zotchedwa manga. Makolofe tagawikana pawiri. Ena akuti izi n'zachilendo ndipo zisokoneza ana. Ena akuti nthano ndi nthano basi, kulikonse n'chimodzimodzi. Mbali zonse ziwiri zafulumira kugamula. M'nthano iliyonse muli zina zimene ndi za mtundu wonse wa anthu, mulinso zina zimene ndi za eni dziko okha. Munthu amene anapitako ku sukulu ayenera kutenga lichero n'kupeta asanaweruze.

Muyeso umene ndigwiritse ntchito ndi wosavuta. Tengani nthano ya ku Japan, mukaikambire agogo anu kumudzi amene dzina la Tokyo sanalimvepo. Chimene agogowo achimva osawamasulira, n'kuseka kapena kupukusa mutu, chimenecho ndi cha tonse. Chimene muyenera kuima kaye n'kufotokoza, chimenecho n'cha eni ake. Popeta ndapezanso mulu wachitatu, wa zinthu zimene zimaoneka ngati za ku Japan pamene zinachita kubwerekedwa kwina.

MULU WOYAMBA: ZA TONSE

Tiyambire pa khomo polowera. Ife timati "Padangokhala," omvera n'kuvomera "Tili tonse." Mjapani amayamba ndi mau akuti mukashi mukashi, kutanthauza kalekale. M'midzi ya kwao, wokamba nthano ankayembekezera kuti omvera azivomereza ndi timau tawo, ndipo timauto tinkasiyana malinga ndi chigawo. Potsiriza analinso ndi mau otsekera, monga momwe ife timatumira wina kukaphula mbatata. Ngakhale lamulo loletsa nthano masana anali nalo. M'zigawo zina ankaopseza ana kuti wokamba nthano dzuwa likuswa mtengo, makoswe amukodzera. Makolo a kutali chonchija ndi makolo athu anaona vuto limodzi: mwana wotengeka ndi nthano masana sagwira ntchito.

Tikalowa m'kati tipeza anthu odziwika kale. Nthano yotchuka ya Momotaro imayamba ndi nkhalamba ziwiri zopanda mwana. Mkazi akuchapa ku mtsinje aona pichesi lalikulu likuyandama, ndipo poling'amba kunyumba mutuluka mwana wamwamuna. Mwanayo atakula apita kukathira nkhondo ziwanda za pa chilumba, ali ndi galu, nyani ndi mbalame yonga nkhwali, zimene anazikopa ndi kamba wa pa ulendo. Nthano ya Kaguya, imene inalembedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, imayamba ndi mkulu wodula nsungwi amene apeza kamwana kakakazi m'kati mwa nsungwi yowala. Mwanayo atakula, amuna asanu omufunsira awapatsa ntchito zosatheka. Agogo athu sangafunse kanthu pamenepa. Chisoni cha banja louma akuchidziwa, mwana wobadwa modabwitsa akumudziwa, mkamwini woyesedwa ndi ntchito yovuta akumudziwanso. Pichesi ndi nsungwi ndi zovala chabe. Mukaika dzungu kapena chipanda, nthano iyendabe.

Kalulu nayenso aliko. M'buku la Kojiki, limene linatha kulembedwa mu 712, muli kalulu wa ku Inaba amene anafuna kuoloka nyanja kuchoka pa chilumba. Anauza zilombo za m'madzi zotchedwa wani, zimene ena amati ndi ng'ona, ena amati ndi nsomba zolusa za shaki, kuti zindandalike kuti awerenge ngati mtundu wawo ukuposa wa akalulu. Iye n'kumalumpha pa misana yawo uku akuwerenga. Atatsala pang'ono kuponda mtunda anadzitama kuti wazipusitsa, ndipo chilombo chomaliza chinamugwira n'kumusenda chikopa. Ndani muno amene sakumuzindikira Kalulu ameneyu? Nzeru zake ndi zomwezo, ndipo chomugwetsa ndi pakamwa pomwepo.

Palinso nthano za anthu awiri, wachifundo ndi wadyera. M'nthano ya mpheta yodulidwa lilime, mkulu wachifundo apita kukachezera mpheta ndipo apatsidwa madengu awiri kuti asankhe. Asankha laling'ono, apezamo chuma. Mkazi wake wankhanza athamangira komweko, asankha lalikulu, mutuluka njoka ndi zoopsa. Kuno kwathu nthano za wansanje amene atsanzira mnzake popanda mtima wa mnzakeyo n'zosawerengeka. Lamulo lakuti "usayang'ane" nalonso lili ponseponse. Mu Kojiki momwemo, Izanagi atsatira mkazi wake Izanami ku dziko la akufa, aletsedwa kumuyang'ana, ayatsa muuni, ndipo amutaya mpaka kalekale. Agiriki amasimba zomwezo za Orpheus, ndipo amene tinakhoza Baibulo m'kalasi tikukumbukira mkazi wa Loti.

Kufanana kumeneku akatswiri anakuyesa ndi manambala. Mu 1910 Antti Aarne wa ku Finland anasanja nthano m'magulu n'kupatsa gulu lililonse nambala, ndipo Stith Thompson wa ku America anakulitsa ntchitoyo pambuyo pake. Chaka chomwecho cha 1910, Yanagita Kunio anasindikiza nkhani zimene anamva za m'chigawo cha Tono, n'kuyambitsa ntchito yotolera nthano za m'midzi ya ku Japan. Mu 1971 Hiroko Ikeda anatulutsa buku losanja nthano za ku Japan potsata manambala a Aarne ndi Thompson, ndipo zambiri zinapeza abale awo m'maiko ena.

Umboni wina ndi wa makanema. Akira Kurosawa anatulutsa Seven Samurai mu 1954, nkhani ya alimi osauka amene alemba ganyu ankhondo asanu ndi awiri kuti awateteze kwa achifwamba olanda zokolola. Mu 1960 Amerika anaitenga, malupanga n'kusandutsa mfuti, mudzi n'kuusamutsira ku Mexico, n'kuitcha The Magnificent Seven. Nkhani sinathyoke mwendo pa ulendowo, chifukwa mudzi wolandidwa chakudya umamveka kulikonse kumene anthu amalima.

MULU WACHIWIRI: ZA ENI AKE

Tsopano tifike pamene agogo athu angatiimitse n'kufunsa.

Choyamba ndi zizindikiro za nyengo. Kugwiritsa ntchito nyengo pofuna kukhudza mtima n'kwa tonse. Wolemba wa kuno akatchula ngumbi, kapena mphepo ya mwera, kapena fungo la dothi pa mvula yoyamba, sitifuna kumasuliridwa. Koma tanthauzo la chizindikiro chilichonse ndi la eni nyengoyo. Ku Japan maluwa a mtengo wa sakura amachita maluwa n'kuyoyoka m'masabata awiri osakwana, cha kumapeto kwa Marichi ndi kumayambiriro kwa Epulo m'zigawo zambiri. Chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo momwemo. Motero katuni ikaonetsa timaluwa tikugwa pa chipata cha sukulu, Mjapani amamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: chiyambi chatsopano, ndi kukumbutsidwa kuti ubwana sukhalitsa. Mdzukulu wanu amangoona maluwa okongola. Kulira kwa nyenje kumatanthauza tchuthi cha nyengo yotentha. Nkhani za mizukwa zimakambidwa m'nyengo yotentha yomweyo, pamene pamakhala mwambo wa Obon wolandira mizimu ya makolo. Mzukwa wawo uli ndi maonekedwe ake: mkazi wa tsitsi lalitali lomasuka, wovala zoyera monga amavekera maliro. Mwambo wa mzukwa wachikazi wobwezera chipongwe unatchuka ndi sewero la Yotsuya Kaidan la mu 1825, ndipo unaonekanso m'kanema wa Ringu mu 1998. Kuopa akufa amene anafa ndi chidandaulo n'kwa tonse, koma yunifolomu ya mzukwayo inasokedwa ku Japan.

Chachiwiri chili m'chiyankhulo. Ife tili ndi liu limodzi lakuti "ine." Chijapani chili ndi angapo. Watashi ndi laulemu, boku ndi la mnyamata wofatsa, ore ndi la mwamuna wodzimva mphamvu, washi m'nkhani zambiri ndi la nkhalamba. Wolemba amatha kukuuzani msinkhu ndi khalidwe la munthu ndi liu limodzi lokhalo. M'kanema wa Your Name wa mu 2016, mtsikana adzuka ali m'thupi la mnyamata, ndipo pocheza ndi anzake a mnyamatayo ayesa "ine" mmodzimmodzi, akuyang'ana nkhope zawo, mpaka atapeza woyenera. M'Chijapani anthu amaseka. M'Chichewa mungalembe "ine, ine, ine, ine," ndipo nthabwala yafera pomwepo. Izi sizisamuka, monga momwe kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" kumatayikira nkhani yathu ikapita m'Chingerezi.

Chachitatu ndicho chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono: kathedwe ka nkhani. Pali nthano ya mbalame yotchedwa tsuru, ya miyendo italiitali ngati kakowa. Mnyamata wosauka aimasula pa msampha. Usiku kubwera mkazi wokongola, akwatirana. Mkaziyo amadzitsekera m'chipinda n'kuomba nsalu ya mtengo wapatali, ndipo apempha chinthu chimodzi, kuti mwamunayo asasuzumire. Mwamuna asuzumira, aona mbalame ikudzizula nthenga zake n'kumaombera nsalu. Mkazi uja anena kuti poti waonedwa sangakhalenso, ndipo auluka. Nthano yathera pomwepo. Mwamunayo salangidwa, sanyamuka ulendo wokamufuna, sapatsidwa mwai wachiwiri. Angoima pakhomo kuyang'ana kumwamba.

Katswiri wa za maganizo, Kawai Hayao, analemba buku mu 1982 momwe anayerekeza nthano zotere ndi za ku Ulaya. Iye anaona kuti ku Ulaya wophwanya lamulo kawirikawiri amalangidwa kapena amayenda ulendo wautali mpaka kukapezanso wokondedwa wake, nkhani n'kuthera pa ukwati. Ku Japan mkazi amangozimirira, n'kusiya chisoni chachete. Kaguya uja nayenso abwerera ku mwezi, nkhalamba zomulera n'kutsala zikulira. Msodzi Urashima Taro, amene anapulumutsa kamba wa m'nyanja n'kukachezera nyumba yachifumu ya pansi pa madzi, abwerera kwao n'kupeza kuti papita zaka mazanamazana, atsekula bokosi limene analetsedwa, ndipo akalamba nthawi yomweyo. Chisoni chotere Ajapani anachipatsa dzina, mono no aware, ndiko kukhudzidwa mtima poona kuti zinthu zonse n'zopita. Amene anatchukitsa mauwa ndi Motoori Norinaga, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1730 mpaka 1801, pofotokoza buku la The Tale of Genji. Bukuli analemba ndi mayi wa ku nyumba ya mfumu, Murasaki Shikibu, cha m'ma 1000, ndipo lili ndi mitu 54. Pofika pa imfa ya Genji, mwini nkhani, owerenga amapeza dzina la mutu lokha, lonena za kubisika m'mitambo, kunsi kwake kulibe mau ngakhale amodzi.

Apa tipete mosamala. Nkhani zothera m'misozi zili ponseponse, ndipo Ajapani alinso ndi nkhani zambiri zothera m'chimwemwe, monga Momotaro. Chimene chili chawo ndi kuchuluka kwa kathedwe kotereka, ndiponso kuti anakaphunzitsa kwa zaka mazana ngati chinthu chokongola choyenera kuchifunafuna. Agogo athu akanamva chisoni cha mbalame ija, koma ndikhulupirira akanafunsa kuti, "Nanga phunziro lake n'lotani? Wolakwayo anamutani?" Funso limenelo likuonetsa pamene pali malire.

Chachinayi ndi masewero a Noh, amene anakhwimitsidwa ndi Zeami, wobadwa cha m'ma 1363. Ambiri mwa masewero ake amayenda motere: mmonke wapaulendo afika pa malo a mbiri, akumana ndi munthu wamba amene amusimbira zimene zinachitika pamalopo, kenaka munthuyo aulula kuti iye ndiye mzimu wa wakufayo. M'gawo lachiwiri mzimu ubwera m'maonekedwe ake enieni n'kuvina imfa yake. M'sewero la Atsumori, mmonkeyo ndi Kumagai, msilikali amene anapha mnyamata Atsumori, woimba chitoliro, pa nkhondo ya ku Ichi-no-Tani mu 1184, ndipo pambuyo pake anasiya usilikali. Mzimu usolola lupanga kuti ubwezere, koma uona kuti mdani wakeyo wakhala akuupempherera, ndipo awiriwo ayanjana. Wovina wovala chigoba kuimira mzimu sangatidabwitse ife a dziko la Gule Wamkulu. Bungwe la UNESCO linalemekeza Noh mu 2001 ndi Gule Wamkulu mu 2005. Koma kamangidwe ka nkhaniyo, kakuti mzimu womangika ndi chidandaulo umasulidwe ndi pemphero la mmonke, kanamera pa chipembedzo cha Chibuda monga chinakhalira ku Japan, ndipo popanda kufotokoza chimenecho sewero silimveka.

Chachisanu n'chopepuka, ndipo adzukulu anu akuposani pochidziwa. M'makatuni awo, dontho lalikulu la thukuta pa mutu litanthauza manyazi kapena kusowa chonena. Kamtanda ka mitsempha pa chipumi ndi mkwiyo. Thovu lotuluka m'mphuno ndi tulo. Mnyamata akatuluka magazi m'mphuno mwadzidzidzi, sanamenyedwe ai, waona mtsikana amene wamusokoneza mutu. Buku la manga limayambira kumene ife timati kumapeto, ndipo limawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zimenezi munthu amachita kuphunzira ngati zikwangwani za pa msewu.

MULU WACHITATU: ZOBWEREKA

Pali mau amene atchuka kwambiri pa intaneti pakati pa ophunzira kulemba: kishotenketsu. Ndi kamangidwe ka nkhani m'magawo anayi: kuyamba, kupitiriza, kutembenukira kwina, ndi kumanga mfundo. Ndipereke chitsanzo changa. Mayi akuphika nsima. Ana akhala mozungulira kudikira. Kutali pa msewu basi yaima, munthu wachikulire akutsika ndi chikwama. Mayi uja wamva kulira kwa basi, wamwetulira, watapa ufa wina. Palibe mkangano, palibe wopambana, koma nkhani yakwana, chifukwa gawo lachitatu limene limaoneka ngati losochera lapatsa tanthauzo magawo onse. Makatuni a zithunzi zinayi a m'nyuzipepala, monga Sazae-san amene Hasegawa Machiko anayamba mu 1946, amayenda motero. Ambiri amati uwu ndiwo mtima wa nkhani za ku Japan. Koma njirayi inachokera ku China, kumene inali langizo la kalembedwe ka ndakatulo za mizere inayi, ndipo ku Korea akuidziwanso.

Kalulu amene Ajapani amamuona pa mwezi anabwera ndi nkhani za Chibuda zochokera ku India kudzera ku China. Nthano ya nyani amene ananamiza womunyamula pa nyanja kuti chiwindi chake anachisiya mu mtengo inachokeranso ku India, kumene wonyamulayo ndi ng'ona. Nthano yomweyo imakambidwa m'Chiswahili ku gombe la kum'mawa kwa Africa, kumene wonyamulayo ndi shaki ndipo chofunidwa ndi mtima. Pali luso lotchedwa rakugo, pamene munthu mmodzi amakhala chogwada pa khushoni, ali ndi chokupizira mphepo ndi kansalu basi, n'kumayankhula m'malo mwa anthu onse a m'nkhani pongotembenuza mutu. Kakhalidwe kameneko n'ka ku Japan ndithu. Koma imodzi mwa nkhani zake zotchuka, ya munthu amene anauza anzake kuti chimene amaopa kwambiri ndi timabanzi totsekemera, anzakewo n'kumuunjikira kuti amuzunze, iye n'kudya tonse kenaka n'kunena kuti tsopano akuopa kapu ya tiyi, inatengedwa m'buku la nthabwala la ku China. Ngakhale maso akuluakulu a m'makatuni, amene tonse timati ndi chizindikiro cha Japan, anafala kudzera mwa Tezuka Osamu, mwini Astro Boy amene anayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema mu 1963, ndipo Tezuka anali wokonda kwambiri makatuni a Walt Disney.

Ambiri muno tinatuluka thukuta ndi Macbeth. Kurosawa anatenga sewero limenelo n'kupanga Throne of Blood mu 1957. Mafupa a nkhani anawasiya momwemo: ulosi, mkazi wosonkhezera, kupha mfumu, nkhalango yoyenda. Koma mfiti zitatu anazisandutsa mzimu umodzi wopota thonje m'nkhalango, nkhope ya mkazi uja anaiumitsa ngati chigoba cha Noh, ndipo mwini nkhani aphedwa ndi mivi ya asilikali ake omwe. Mukaika sewero la Shakespeare ndi kanemayu pambali, mulu woyamba ndi wachiwiri umadzipatula wokha pamaso panu. Chobwereka chikakhala nthawi m'manja mwa mmisiri chimatenga fungo la nyumbayo, ndipo ife amene timadya chimanga chochokera ku America n'kumachitcha chakudya cha makolo sitingatsutse.

CHENJEZO: NDANI WAGWIRA MUYESO?

Ndisanakhale pansi ndipereke chenjezo limene ndi lofunika kuposa zonse ndanenazi. Ambiri amene amasanja nkhaniyi amayerekeza Japan ndi Ulaya kapena America basi. Chilichonse chimene sachipeza ku Hollywood amachitcha cha ku Japan, ndipo chilichonse chimene achipeza kwao amachitcha cha dziko lonse. Munthu woima pa Malawi amaona zosiyana.

Owerenga Chingerezi amadabwa kuti m'mabuku a manga ngakhale bata lili ndi liu lake, shiin, lolembedwa pa chithunzi. Ife tidabwe chiyani, pamene timati m'nyumba munali zii? Ajapani ali ndi liu lakuti donburako lofotokoza kuyandama kwa pichesi la Momotaro. Ife tili ndi thibu, phava, psuu, mbee, ndi mazana ena, ndipo nthano yopanda mau otere ndi ndiwo yopanda mchere. Omasulira The Tale of Genji amavutika chifukwa anthu ambiri m'bukumo satchulidwa maina awo enieni, amadziwika ndi udindo kapena malo amene amakhala, poti kutchula dzina la munthu wolemekezeka kunali chipongwe. Ife amene timaitana munthu ndi mfunda wake, kapena kuti bambo a uje, mayi a uje, tikuchimva chimenecho msanga kuposa Mngerezi. Kanema wa Rashomon wa mu 1950, amene analandira mphotho yaikulu ku Venice mu 1951, anazunguza anthu chifukwa mboni zinayi zisimba imfa imodzi mosiyana, mmodzi mwa iwo ali wakufayo poyankhula kudzera mwa wobwebweta, ndipo kanemayo atha osagamula. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la milandu kwa a nyakwawa akudziwa kuti mboni iliyonse imakometsa mbali yake. Nthano zothera pa funso, zosiyira omvera kuti akangane okha, zilipo zambiri mu Africa, kotero kuti William Bascom anazisonkhanitsa buku lathunthu mu 1975.

Ndiye kuti zina zimene mabuku amaziika m'mulu wachiwiri, ife tikhoza kuzibwezera m'mulu woyamba, kapena kunena kuti ndi za mitundu yambiri kupatula Azungu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisanene kuti chinthu ndi cha mtundu umodzi tisanafunse mitundu itatu kapena inayi, ndipo pofunsapo tisaiwale kudzifunsa tokha.

Kupeta kumeneku kutiphunzitsanso za nthano zathu. Ngati Kalulu wochenjera, banja louma ndi mnansi wansanje zili ku Japan konse, ndiye kuti chimene chili chathuchathu m'nthano za Chichewa sichigona kwenikweni m'mafupa a nkhani. Chigona m'kakambidwe: m'nyimbo imene wokamba amatsogolera ife n'kuvomera, mu "Tili tonse," m'mau ngati zii ndi phava, m'maulemu ndi m'miyambi. Tsoka lake, zimenezi ndizo zimayamba kutayika nthano ikalembedwa mwachidule m'buku kapena ikamasuliridwa. Ajapani mafupa anawalandira kuchokera kulikonse, koma kakambidwe kawo anakasunga, n'kukalowetsa m'masewero, m'makanema ndi m'makatuni, mpaka lero adzukulu athu akuphunzira tanthauzo la dontho la thukuta popanda wowakakamiza.

Pempho langa lili pawiri. Kwa inu makolo ndi agogo: mdzukulu akamaonera katuni yake, khalani naye pansi kamodzi, mumufunse kuti akufotokozereni zizindikiro, ndipo mukaona nkhani imene mukuidziwa, mumuuze kuti kwathu timaikamba motere, n'kumuimbira nyimbo yake. Musadandaule ndi mau, tonse tinali m'kwaya mokakamizidwa. Kwa komiti: pamene tikusonkha za mabuku a m'laibulale ya sukulu yathu, tiganizireko zoti ophunzira a makalasi a Chichewa azijambula mau a agogo awo akukamba nthano, nyimbo ndi kuvomera komwe, poti foni yojambulira ili kale m'thumba mwa aliyense. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Mjapani watibwereka kalumo koti timetere m'mutu mwathu momwe.

Ndaona a Mlembi ayang'ana wotchi kachitatu.  Wina akaphule mbatata.